Nyumba ya mitengo ingathe bwanji zaka 600?

Funso: Akonzi, ndine kalipentala wa ku Luchenza. Ndinaona chithunzi cha nyumba yakale ya wansembe ku England, yamitengo ndi dothi ngati zophoma zathuzi, koma akuti yatha zaka 600. Nanga nsichi zathu zimaoleranji msanga? Komanso khoma lophoma ndingalipake simenti kuti lilimbe?

Yankho: Bambo, nyumba zoterozo zilipodi. Yodziwika kwambiri ndi Clergy House ya m'mudzi wa Alfriston ku Sussex, yofolera, imene bungwe la National Trust, losamalira nyumba ndi malo akale, linagula mu 1896 pa mapaundi 10.

Nkhani yagona pansi. Ife timazika nsichi m'dothi, chinyezi ndi chiswe n'kuyamba ntchito tsiku lomwelo. Amisiri akale a ku England ankamanga kakhoma kamiyala, n'kugoneka mtanda pamwamba pake, mizati n'kuima pa mtandawo. Palibe mtengo wokhudza nthaka.

Mtengo womangira unali oak, mtengo wolimba wa ku Ulaya, wosemedwa ukadali wauwisi. Polumikiza sankadalira misomali, poti oak amadya chitsulo. Ankagoba bowo la ngodya zinayi pa mtanda, kusema lilime kumapeto kwa mzati, n'kukhoma chikhomo chamtengo chopyoza zonse ziwiri. Apa mvetsetsani, bambo: bowo la pa lilime ankalisendeza mamilimita awiri kapena atatu chakuphewa, kumene lilime limayambira pa mzati, kuti chikhomo polowa chikoke mzati, mfundo igwirane kuti nganganga. Likasendera kwambiri, lilime limang'aluka.

Mipata ankaluka ndi timitengo, kuphoma dothi losakaniza ndi udzu ndi ndowe, pamwamba laimu. Moto unkayaka pakati pa chipinda chachikulu, n'chifukwa chake mwaye wa pa phaso supalidwa: ndi umboni wa zaka za nyumbayo.

Za simenti, ayi ndithu. Mtengo umafufuma ndi kunyala, simenti n'kung'aluka, madzi n'kulowa koma osatulukanso, mzati n'kumaolera m'kati inu osaona. Laimu amalola khoma kuuma.

Kuno kwa chiperoni, kakhoma kamiyala kakwere masentimita 45, denga lituluke masentimita osachepera 60, ndipo pakati pa mwala ndi mtanda muyale pulasitiki yokhuthala. Chiswe chathu n'chaukali, choncho mwezi uliwonse yenderani maziko, muphwanye tinjira take tadothi. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje sudyedwa ndi chiswe, koma watsala pang'ono kutheratu, chonde musaufunefune. Bulugamu wokhwima, wothiridwa mankhwala, akukwanirani.