Dipuloma ali nayo, koma seva inamukanira

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Matero. Ndaifupikitsa: "Mwana wanga wamwamuna anamaliza dipuloma ya zamakompyuta chaka chatha. Mwezi wathawu anaitanidwa ku intavyu pa kampani ina kuno ku Lusaka. M'malo momufunsa mafunso, anamukhazika pa seva n'kumuuza kuti ailumikize pa netiweki. Akuti sevayo sinkaona khadi yake ya netiweki, anavutika ola lathunthu osaphula kanthu, ntchito n'kumudutsa. Tsopano akufuna ndimulipirire CCNA. Ine ndimagulitsa salaula, ndalama imeneyo ndi ya chilimba changa. Ndilipire?"

Amayi, musalipire kaye. CCNA ndi satifiketi yabwino ya kampani ya Cisco, ndipo olemba ntchito amailemekeza. Mayeso ake, amene amatchedwa 200-301, ndi madola 300 a ku America, ndipo satifiketiyo imatha mphamvu pakapita zaka 3. Koma imaphunzitsa za maswichi ndi ma router, zipangizo zolumikizira makompyuta pa netiweki, komanso kagawidwe ka maadiresi. Chimene chinagwetsa mwana wanu chili mkati mwa seva, kompyuta imene imatumikira makompyuta ena pa netiweki, ndipo CCNA sifika kumeneko. Dzino likamawawa, mankhwala a m'mimba sathandiza ngakhale akhale okwera mtengo.

Khadi ya netiweki ndi kachipangizo kamene chingwe chimalowapo kumbuyo kwa seva. Kuti Windows kapena Linux ilankhulane ndi khadiyo, pamafunika kapulogalamu kotchedwa driver. Si dalaivala wa minibasi ya ku Matero ayi, ntchito yake ndi ya womasulira. Popanda iyeyu khadi imangokhala ngati mlendo wodziwa Chilozi chokha amene wafika pa mudzi wa Achewa okhaokha: alipo ndithu, koma palibe chikumveka.

Tsopano iwe mphwanga, poti ndikudziwa kuti amayi akupatsira foniyi kuti uwerenge, tiye tibwerere m'chipinda muja.

Usanakhudze kiyibodi, zungulira kumbuyo kwa seva. Ndikunena izi chifukwa zinandichitikira ndili wamng'ono pantchito, pa ofesi ina ya ku Longacres. Ndinatha masana onse ndikuchotsa driver n'kuikanso, thukuta kamukamu m'kachipinda kozizira, bwana akusuzumira pakhomo mobwerezabwereza. Mapeto ake mnzanga anangowerama n'kuseka. Chingwe ndinali nditachilowetsa pa doko (kabowo kolowetsapo chingwe) la iDRAC. Maseva a Dell ali ndi doko limeneli, a HP lawo ndi iLO, ndipo limafanana ndendende ndi madoko enawo, timagetsi take n'kumaphethira bwinobwino. Koma ntchito yake ndi yoti munthu aziyang'anira seva ali kutali, si lodutsira netiweki ya tsiku ndi tsiku. Werenga zolembedwa pambali pa doko, yesa chingwe china, yesa doko lina la swichi.

Ukatsimikiza za chingwe, funsa makinawo kuti khadi yake ndi yanji. Osaganizira. Pa Linux lemba lspci -nnk n'kufufuza mzere wa Ethernet controller. Pamapeto pake pamakhala manambala awiri. Yoyamba ndi ya wopanga: 8086 ndi Intel, 14e4 ndi Broadcom, 10ec ndi Realtek. Yachiwiri ndi ya mtundu wa khadiyo. Munsi mwake uyenera kuona mawu akuti Kernel driver in use, kenako dzina ngati igb kapena e1000e pa makhadi a Intel, tg3 kapena bnx2 pa a Broadcom. Mzere umenewu ukasowa, wapeza pamene pakudwala. Lemba dmesg uwerenge madandaulo a makinawo, poti amanena okha. Nthawi zambiri driver imakhala ilipo koma ikusowa firmware yake, kapulogalamu kamene kamayenda m'khadi momwemo. Ambiri amene anaikapo Debian yakale, mtundu wina wa Linux, pa maseva a Broadcom anakumana nazo zimenezi ndi bnx2, chifukwa firmware yotereyi sinkabwera pa disiki yoikira mpaka pamene Debian 12 inatuluka mu 2023.

Pa Windows Server nkhani ndi yomweyo, chasiyana ndi khomo lolowera. Tsegula Device Manager, upeza Ethernet Controller ili ndi chizindikiro chachikasu. Lowa pa Properties, Details, Hardware Ids, uona zolembedwa ngati VEN_8086 ndi DEV_ yotsatana ndi nambala. Ndi manambala omwe aja. Driver ukatenge kwa wopanga seva kapena wopanga khadi basi. Pa Dell ungolemba Service Tag imene ili pa seva, akupatsa yoyenera makinawo. Timapulogalamu tolonjeza kukupezera ma driver onse nthawi imodzi, pa seva ya anthu usatiyandikitse.

Apa pali chimene chimaseketsa: driver ili pa intaneti, koma seva singafike pa intaneti chifukwa ilibe driver. Ophunzira ambiri amaima pomwepa kukamwa yasa. Koma uli ndi laputopu, uli ndi fulashi. Ulinso ndi foni m'thumba, imene ukailumikiza ndi chingwe cha USB n'kuyatsa tethering yogawira intaneti ya foniyo, Linux zambiri zimaiona pomwepo ngati khadi ina ya netiweki. Kabandulo kochepa n'kokwanira.

Mwinanso a kampani ija anakutchera msampha dala. Makampani aang'ono ambiri amatenga kompyuta wamba n'kuisandutsa seva. Khadi ngati Intel I219-V, imene imapezeka m'makompyuta a pa desiki, driver yake sinapangidwire Windows Server ndipo imakana kulowa. VMware ESXi 7.0, pulogalamu ina yoyendetsa maseva yotuluka mu 2020, inasiya ma driver a kachitidwe kakale, moti ukaiika pa makina a khadi ya Realtek imangokuuza kuti No Network Adapters. Zikatero, kunena kuti "bwana, khadi iyi sigwirizana ndi pulogalamuyi, tiikemo ya Intel ya maseva" ndi yankho lokhoza. Sikulephera.

Driver ikalowa ntchito sinathe. Seva imafuna adiresi yokhazikika, subnet mask, gateway (khomo lotulukira kunja) ndi DNS (yosandutsa dzina kukhala adiresi), ndipo manambala amenewa umafunsa eni netiweki, sulota. Ukaona adiresi yoyamba ndi 169.254, dziwa kuti makina anapempha adiresi kwa DHCP, imene imagawa maadiresi pa netiweki, koma palibe anayankha. Pa Ubuntu, mtundu winanso wa Linux, zonsezi umalemba mu fayilo ya mu /etc/netplan, ndipo dzizoloweze kugwiritsa ntchito netplan try, imene imabweza zakale pakatha masekondi 120 ukapanda kuvomereza. Udzaiyamika tsiku limene udzakhale ku Lusaka ukusintha adiresi ya seva ili ku Chipata. Kenako yesa ndi ping, imene imaona ngati mbali inayo ikuyankha: ping gateway, ping adiresi ya kunja, pomaliza ping dzina. Pamene yakanira ndi pamene pali vuto.

Ukatero zimitsa seva n'kuiyatsanso. Ichi usachidumphe. Adiresi yoika ndi ip addr add imafufutika makina akazima, ndipo driver yomanga wekha imatha kusowa kernel, mtima wa Linux, ikasinthidwa ngati sunaiike kudzera mu DKMS, imene imaimanganso yokha. Tonse tikukumbukira mmene magetsi anavutira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba. Seva ya kuno iyenera kudzuka yokha magetsi akabwera, wopanda munthu woigwira dzanja.

Sindinali m'chipindamo, koma amene timayesa anthu motere sitiyembekezera kuti aliyense amalize. Timafuna kumva mmene ukuganizira. Wokhala chete ola lathunthu akudinadina sitidziwa ngati akudziwa kanthu. Woti "chingwe chili bwino, khadi ikuoneka koma driver palibe, ndikupempha fulashi" timamulemba dzina ngakhale nthawi itamuthera.

Amayi, ndabwerera kwa inu. Sindikunyoza sukulu imene anaphunzira. M'makalasi ambiri ophunzira amapeza makompyuta okonzedwa kale, ndipo maseva amaphunzirira mu VirtualBox, imene imapanga kompyuta yongoyerekezera mkati mwa kompyuta ina. Ndi pulogalamu yaulere komanso yothandiza, koma khadi yake ndi yongoyerekezera, imagwira nthawi zonse. Munthu angamalize zaka zonse za dipuloma osaonapo khadi yokana.

Pa chilimba chija tapanipo pang'ono mumugulire kompyuta yakale ya pa desiki, ya kaunjika yomweyi imene imagulitsidwa m'tauni, khadi ya netiweki yapadera imodzi kapena ziwiri za opanga osiyana, fulashi ndi chingwe. Debian ndi Ubuntu Server n'zaulere, Windows Server nayo Microsoft imalola kuiyesa masiku 180 osalipira. Aike, afufute, aikenso. Aononge dala: atsekereze driver, alembe gateway yolakwika, asinthe khadi, kenako akonze. Chilichonse azilemba m'kope, chimene anaona, chimene anayesa, chimene chinagwira. Kope limenelo akapita nalo ku intavyu ina adzakhala ndi chokamba. Akazolowera, akadzipereke kukonza makompyuta a ku tchalitchi kapena pa sukulu ya pafupi, kuti akumane ndi makina amene sanawaononge yekha.

Afufuzenso za kulembetsa ku ICTAZ, bungwe la akatswiri a zamakompyuta limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2018, chifukwa olemba ntchito ena amafunsa zimenezo.

Pakatha miyezi itatu mudzaona kumene mtima wake wapendekera. Ngati ndi ku maswichi ndi maadiresi, CCNA ija idzakhala ndalama yogwiritsa bwino. Ngati ndi ku maseva, aganizire RHCSA, satifiketi ya Linux ya kampani ya Red Hat, imene mayeso ake alibe mafunso osankha yankho: amakupatsa makina n'kukuuza zoti ukonze, monga anamuchitira ku intavyu kuja.

Ndipo mphwanga, kampani ija uilembere kakalata. Uwathokoze, uwauze kuti wapeza pamene unaphonya tsiku lija, ufunse ngati angakulole kudzaphunzira ntchito ngakhale mwezi umodzi. Kalatayo ulembe wekha, amayi asakulembere.