Chipulula, chibwereza ndi madera 14 a ku Georgia: mafunso anu pa mawu a chisankho

Mafunso amene afika ulendo uno akukhudza nkhani imodzi: tingakambe bwanji za chisankho cha ku America m'Chichewa popanda kusocheretsa womvera? Poyankha ndatsamira pa chigawo chimodzi chokha, Georgia, chomwe likulu lake ndi Atlanta. Ku America chigawo chilichonse chili ndi malamulo akeake a chisankho, ndiye kukamba za zonse 50 pakamodzi n'kudzisokoneza dala.

Bambo wina amene amawerenga nkhani za kunja pa wayilesi ya m'dera lakwawo akufunsa: "Chimene Azungu amati primary election ine ndimati chisankho cha chipulula, koma mnzanga akuti amenewo ndi mawu a mpira. Akulondola ndani?"

Pitirizani kuwagwiritsa ntchito, bambo. N'zoona kuti a zamasewero amati "ndime ya chipulula", koma mawuwa sanabadwire m'bwalo la mpira. Kupulula ndiko kufumbata nthambi n'kukoka mpaka masamba onse atayoyoka. Chipulula, kaya ndi cha matimu kaya cha andale, chimayoyola ambiri kuti patsale oyenera kupita kutsogolo. Ena amati "mapulaimale", ndipo pocheza palibe cholakwa, koma pa wayilesi chipulula ndiye amakoma m'khutu.

Chimene ndikukuchenjezani n'china. Mmalawi akamva "chipulula" amaona nthumwi za chipani zitasonkhana pabwalo la sukulu, zitandanda kumbuyo kwa shado amene zikumufuna, akuluakulu a chipani akuwerenga mitu, mwinanso mkangano utabuka pa za amene ali woyenera kulowa pamzere. Ku Georgia sizitero. Chipulula amayendetsa ndi maofesi a boma oona za chisankho, m'malo oponyera voti omwe aja a chisankho chachikulu, ndipo voti ndi yachinsinsi. Sipafunikanso khadi la chipani, poti polembetsa m'kaundula munthu safunsidwa kuti ndi wa chipani chiti. Akafika pamalo ovotera amangonena kuti akufuna pepala la chipani cha Democratic kapena la Republican, amupatsa, basi. Chimene sangachite ndi kutenga onse awiri. Mu 2022 chipululachi chidachitika pa 24 Meyi, mu 2024 pa 21 Meyi, pomwe chisankho chachikulu chimadza mu Novembala.

Choncho mukamawerenga nkhani onjezani kachiganizo kamodzi: "chipulula chomwe aliyense wolembetsa amaloledwa kuvota". Mukapanda kutero, womvera wa ku Mchinji adabwa kuti chipani chimodzi chapeza kuti nthumwi zikwi mazanamazana.

Musachichepetsenso m'kamvekedwe ka mawu anu ngati ndi kachisankho koyeserera. Madera ambiri kumeneko ndi a chipani chimodzi chodziwikiratu, moti wopambana chipulula amakhala watenga kale mpando, za mu Novembala n'kungokwaniritsa mwambo.

Mayi wina amene akukhala ku Atlanta akuti: "Ndimafuna kufotokozera abale kumudzi za congressional district. Ndikati boma, akuganiza kuti ndikunena za Ntcheu kapena Dedza. Nditi chiyani?"

Nenani kuti dera, mayi. Abale anuwo sakulakwa. Liwu loti boma lasenza kale katundu wambiri: ndi ulamuliro wa dziko, ndi malo ngati Ntcheu, ndiponso ndi tauni yomwe kuli ofesi ya DC, paja timati "ndapita kuboma". Musaliwonjezere mtolo wachinayi. Malo amene phungu amaimira ife timati dera, ndipo chimene mukunenacho ndi chomwecho ngakhale Chingerezi chake chikufanana ndi cha maboma athu. Ngati mukufuna chofanana ndi boma la Ntcheu, ndi ma county, omwe ku Georgia alipo 159.

Ku Georgia madera a aphungu opita ku nyumba ya malamulo ya dziko lonse ku Washington alipo 14 mwa mipando 435 ya dziko lonse, ndipo phungu amakhala zaka ziwiri zokha asanabwererenso kwa ovota. Dera lililonse lili ndi anthu oposa 750,000. Yerekezani ndi kwathu, komwe madera adachoka pa 193 kufika pa 229 pa chisankho cha 2025, muona kuti liwu ndi limodzi koma kukula kwake n'kosiyana kutalitali.

Madera athu ali ndi mayina, awo ali ndi manambala. Apa musavutike ndi "dera lachisanu ndi chimodzi", "dera lachikhumi ndi chinayi". Lilime lingakulumeni. Nenani "dera nambala 6", "dera nambala 14", monga timanenera basi kapena nyumba. Kuyambira loyamba mpaka lachisanu Chichewa chimayenda bwino, kupitirira apo manambala ndiwo amathandiza.

Pa Georgia yenseyo ine ndimakonda "chigawo". Sichikwanira ndendende, poti zigawo zathu zitatu zilibe nyumba zawozawo za malamulo pomwe Georgia ali nayo, ya aphungu 180 ndi maseneta 56 amene amakumana mu Atlanta momwemo. Koma "dziko la Georgia" ndiye lingasokoneze kwambiri, chifukwa dziko la dzina limenelo liliko, loyandikana ndi Russia. Mukamakamba za phungu muzitchula kumene amakakhala, wa ku Washington kapena wa ku Atlanta.

Mphunzitsi wina wa Chichewa ku sekondale akufunsa: "Ndamva ena akuti ku Georgia kudachitika chisankho chachibwereza mu Disembala 2022. Kodi khothi lidafafaniza zotsatira ngati kwathu kuno?"

Ayi aphunzitsi, palibe khothi lidalowererapo, ndipo funso lanu likuonetsa bwino kuopsa kwa liwu limeneli. Chiyambire chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020, chomwe chidathetsa chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha mu Meyi 2019 n'kutibwezera kokavota pa 23 Juni 2020, "chibwereza" chili ndi fungo la milandu. Munthu akalimva amaganiza kuti china chake chidalakwika poyamba. Tiyeni tisiyanitse zinthu zitatu zomwe anthu akuziphatikiza m'liwu limodzi.

Chibwereza chenicheni ndi pamene choyamba chafafanizidwa, onse n'kuyambiranso.

Chapadera ndi pamene mpando watsala wopanda munthu nthawi isanakwane, kaya mwini wamwalira kaya watula pansi udindo.

Chachitatu ndi chimene Azungu amati runoff, ndipo ine ndimati "ndime yachiwiri". Zotsatira zoyamba zimakhala zili bwinobwino, kungoti palibe amene wadutsa theka la mavoti, ndiye awiri otsogola amakumananso okhaokha. Kwathu lamulo la theka ndi voti imodzi limagwira pa mpando wa mtsogoleri wa dziko, pomwe phungu amapambana ngakhale ataposa mnzake ndi mavoti ochepa bwanji. Ku Georgia lamuloli limagwiranso aphungu ndi maseneta, pa chipulula ndi pa chisankho chachikulu pomwe. Mu Novembala 2022 Raphael Warnock ndi Herschel Walker onse adaperewera pang'ono kufika theka pa mpando wa seneta wopita ku Washington, chifukwa munthu wachitatu wa chipani cha Libertarian adanyenyako mavoti pafupifupi awiri pa 100 alionse. Pa 6 Disembala adakumananso awiriwiri, Warnock n'kupambana. Kale ankadikira masabata 9 kuti ndime yachiwiri ichitike, monga zidakhalira pa 5 Januwale 2021, koma lamulo la chaka chomwecho lidafupikitsa kukhala masabata anayi.

Chitsanzo chabwino chophunzitsira ana ndi cha dera nambala 6 mu 2017, poti mawu awiri akumana m'nkhani imodzi. Phungu wa deralo, Tom Price, adasiya mpando atapatsidwa unduna wa zaumoyo, ndiye kudachitika chisankho chapadera mu Epulo. Jon Ossoff wa Democratic adatsogola ndi mavoti oposa 48 pa 100 alionse, Karen Handel wa Republican sadafike ndi 20 yomwe chifukwa a chipani chake adagawana mavoti. Itafika ndime yachiwiri pa 20 Juni, a Republican adaunjikana kwa Handel ndipo Ossoff adagwa. Anawo akalembe motere: "Handel adapambana ndime yachiwiri ya chisankho chapadera." Mawu oti chibwereza alibe malo m'chiganizo chimenecho. Zoti wotsogola poyamba agwe pambuyo si zachilendo kumeneko: John Lewis, amene adaimira dera lachisanu kuyambira 1987 mpaka imfa yake mu Julayi 2020, adalowa m'nyumba ya malamulo ya ku Washington atagonjetsa Julian Bond pa ndime yachiwiri ya chipulula cha 1986, Bond atamutsogolera pa yoyamba.

Wophunzira wina akuti: "Cholondola ndi chiti, zisankho kapena masankho?"

M'mayeso lemba zisankho, mwanawe. Chisankho ali m'gulu la chi- ndi zi-, limodzi ndi chipani, zipani ndi chigawo, zigawo. Masankho wafala kwambiri pa wayilesi ndi pamisonkhano, ndipo sindinganene kuti anthu onse amene amatero sadziwa Chichewa. Koma tayang'ana kumene akuchokera. Tsiku, masiku. Tsamba, masamba. Potsata njira imeneyi, masankho ndi kuchulukitsa kwa tsankho, ndipo tsankho ndi kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu kapena kwawo. Onse awiri mayi wawo ndi mmodzi, mneni kusankha, koma wina ndi ufulu, wina ndi nkhanza.

Pa nkhani za kwathu palibe angasokonezeke. Pa mbiri ya Georgia ndiye samala, chifukwa kumeneko mawu awiriwa amakhala m'ndime imodzi. Kwa zaka zambiri chipani cha Democratic, chomwe nthawi imeneyo chinkapambana chilichonse m'chigawocho, chinkaletsa anthu akuda kuvota pa chipulula chake. Pa 4 Julayi 1944 Primus King, wometa tsitsi wa mumzinda wa Columbus, adapita kukavota ndipo adamubweza. Adakasuma, makhothi n'kugamula kuti mchitidwewo ndi wosemphana ndi malamulo a dziko. Ukafuna kulemba za zimenezi, "zisankho za tsankho" ikumveka bwino, pomwe "masankho a tsankho" ikumangirira lilime ndi tanthauzo lomwe.

Ukasankha limodzi, ligwirizanitse mpaka kumapeto: zisankho zapita, masankho apita. Choipa kwambiri chimene ndimamva ndi kuyamba ndi "masankho" n'kumalizira ndi "zomwe zichitike".

Bambo wina wa ku Johannesburg akufunsa ngati pali liwu la Chichewa la gerrymandering.

Liwu limodzi palibe, ndipo sitikulisowa. Nenani "kudula malire mokondera" kapena "kukhotetsa malire a madera". Ngakhale la Chingerezilo lidangopekedwa mu 1812 ponyoza Elbridge Gerry, bwanamkubwa wa Massachusetts, atavomereza dera lopindikapindika ngati buluzi. Kwathu malire amaunika ndi bungwe loyendetsa chisankho. Ku Georgia amadula ndi aphungu a ku Atlanta aja pakatha kalembera wa anthu wa zaka khumi zilizonse, kutanthauza kuti chipani chochuluka m'nyumbamo ndicho chimagwira cholembera. Atadula malire pambuyo pa kalembera wa 2020, dera nambala 6 la Lucy McBath wa Democratic lidapendekera ku Republican, iye n'kusamukira ku nambala 7 komwe kudali kale mnzake wa chipani chimodzi, Carolyn Bourdeaux. Aphungu awiri okhala pampando adalimbana pa chipulula cha 2022 ndipo McBath adapambana. Khothi litalamula mu 2023 kuti mapu ajambulidwenso, adasamukanso kubwerera ku nambala 6 watsopano. Malamulo amamulola, poti phungu amangofunika kukhala m'chigawocho, osati m'dera lenilenilo.

Funso lomaliza, lochokera kwa mtolankhani wachitsikana: "Kuima ndi kuimira n'chimodzimodzi?"

Ayi, chemwali. Munthu amaima pa chisankho, amaimira chipani kapena anthu. Pa chipulula onse amakhala angoima, palibe amene akuimira chipani, chifukwa woimira ndiye akufunidwayo. Choncho "anthu asanu akuimira Republican pa chipulula" n'kulakwa. Lembani kuti "anthu asanu akupikisana pofuna kuimira Republican". Wopambana ndiye adzaimire chipani mu Novembala, akapambananso adzaimire dera. Ndipo chizolowezi chathu chija, choti wogwa pa chipulula mawa lake waima payekha, musachiyembekezere mu nkhani za ku Georgia. Lamulo lakumeneko limaletsa wogonja pa chipulula kuonekeranso pa pepala lovotera la chisankho chachikulu cha mpando womwewo, ndiye mukalemba kuti "wagwa pa chipulula" palibe chifukwa chowonjezera kuti "sizikudziwika ngati aime payekha".