Mwafunsa, Tayankha: Kuchita Lendi Chipinda Chosungiramo Katundu

Mwezi uno makalata angapo afika pa nkhani imodzi, ya zipinda zosungiramo katundu zimene makampani amachititsa lendi pamwezi. Tasankhapo asanu.

FUNSO: Alangizi, m'nyumba mwathu mulibenso poponda. Chipinda chimodzi chadzaza ndi mipando yakale, zovala zimene zinawathina ana, mabuku ndi ziwiya zimene sitigwiritsanso ntchito. Bambo akunyumba akuti tichite lendi chipinda chosungiramo katundu. Kodi ndi nzeru? (Mayi wa ana atatu)

YANKHO: Mayi, ndi nzeru ngati mukudziwa tsiku limene katunduyo adzatulukemo. Zipinda zimenezi zimathandiza kwambiri munthu amene akusamuka koma nyumba yatsopano sinathe, amene akukonzetsa denga, amene wapita kutali kukagwira ntchito kwa chaka chimodzi, kapena banja limene laferedwa ndipo likufuna nthawi yogawana bwino katundu wa malemu. Onsewa vuto lawo lili ndi pothera. Koma katundu amene wangounjikana chifukwa palibe wolimba mtima kunena kuti "ichi sitikuchifunanso", akapita kumeneko amaiwalika. M'nyumba mumapezeka malo, malowo amadzazanso, uku lendi ikungotuluka mwezi ndi mwezi.

Choncho musanasaine chilichonse, khalani pansi awirinu ndi pepala. Chulukitsani lendi ya pamwezi ndi miyezi imene mukufuna, muphatikizepo chikole, inshuwalansi, loko, makatoni ndi galimoto yonyamula katundu popita ndi pobwerera. Ndalama zimenezo muziyerekeze ndi zimene mungapeze mutagulitsa katunduyo lero, osati zimene munagulira ali watsopano. Sizachilendo kupeza kuti lendi ya chaka chimodzi kapena ziwiri yaposa mtengo wa mipando yakale imene ikusungidwayo.

Katundu musankhire kunyumba konko, asanakwere galimoto. Chinthu chimene chatha miyezi 12 osachikhudza chadutsa nyengo zonse za chaka osafunika, ndiye chigulitseni, mupatse ena kapena muchitaye. Zoyenera kupita ndi zokhazo zimene mukudziwa mwezi umene mudzazifune, kapena zimene kugula zina kungakudyereni ndalama zambiri. Mukasankha motere mupeza kuti chipinda chofunika n'chaching'ono kuposa mmene mumaganizira, mwinanso simuchifuna n'komwe.

FUNSO: Ndili ndi katundu wa m'nyumba ya zipinda zogona ziwiri. Nditenge chipinda chachikulu bwanji? (Bambo amene akusamuka)

YANKHO: Bambo, makampani ambiri amatchula kukula m'mafiti. Cha mafiti 5 mbali zonse, amene ndi mamita 1.5, mumangolowa makatoni, masutikesi ndi kampando kamodzi. Cha mamita 1.5 m'lifupi ndi 3 m'litali mumakwana katundu wa chipinda chimodzi chogona. Inuyo mufunika cha mamita 3 mbali zonse, ndipo ngati firiji, makina ochapira ndi masofa zikupitanso, tengani cha mamita 3 ndi 4.5. Cha mamita 3 ndi 6 n'chofanana ndi galaja ya galimoto imodzi, chimenecho chakukulirani. Denga nthawi zambiri limakhala pa mamita 2.4, choncho malo ambiri ali m'mwamba. Gwiritsani ntchito makatoni ofanana kukula kuti asanjikizane bwino, olemera pansi, opepuka pamwamba.

Musadalire maso. Matani tepi pansi pabalaza molingana ndi muyeso wa chipindacho, muunjikemo katundu wanu muone ngati akukwana, mutasiya kanjira ka masentimita 60 pakati. Muyezenso chitseko cha chipindacho, chifukwa wadirobu ikhoza kukwana mkati koma n'kukanika pakhomo. Mabedi ndi matebulo amasuleni, zomangira zake muziike m'kathumba n'kukamata ndi tepi pa thabwa lake lomwelo. Mabuku aziikidwa m'makatoni ang'onoang'ono osapitirira makilogalamu 20, ndipo katoni iliyonse ilembedwe m'mbali, osati pamwamba pomwe padzakhale inzake.

FUNSO: Ndinasungitsa katundu mu kontena ya lendi kwa miyezi 8. Nditatsegula ndinapeza sofa yachikopa yachita nkhungu, matiresi akununkha, firiji mkati mwada bii. Ndafufuza denga lonse, silidontha. Madziwo anachokera kuti? (Mayi wokhumudwa)

YANKHO: Pepani kwambiri mayi. Madziwo sanalowe ndi mvula, munawatsekera nokha mkatimo, mumpweya ndi m'katundu momwemo. Mpweya wofunda umanyamula chinyezi chambiri kuposa wozizira. Masana chitsulo cha kontena chimatentha, mpweya wa mkati n'kuyamwa chinyezi chochokera m'matiresi, m'matabwa ndi m'makatoni. Usiku chitsulocho chimazizira msanga, chinyezi chija n'kusanduka timadontho kudenga ndi m'makoma, ngati mmene botolo la madzi ozizira limachitira thukuta pa tsiku lotentha. Timadontho timeneti timagwera pa katundu, kukacha n'kuyambiranso. Nkhungu imakonda malo amene chinyezi cha mumpweya chimakhala pamwamba pa 70 peresenti kwa masiku ambiri, ndipo pa chinthu chonyowa imatha kuyamba kumera pakangotha tsiku limodzi kapena awiri. M'miyezi 8 inali ndi nthawi yokwanira.

Kupewa kumayambira kunyumba. Chilichonse chilowe chitauma gwa. Musalongedze katundu tsiku lamvula, ndipo zovala ndi mabulangete zichapidwe n'kuumitsidwa bwinobwino, chifukwa thukuta ndi mafuta a m'thupi ndi chakudya cha nkhungu ndi njenjete. Firiji izimitsidwe maola 24 isananyamulidwe kuti madzi oundana asungunuke, itsukidwe, ipukutidwe, kathireyi ka madzi kakumbuyo kakhuthulidwe, ndipo chitseko chake chisiyidwe chotsegula pang'ono mutapanikizapo kansalu. Firiji yanu inada chifukwa inatsekedwa ili yonyowa. Makina ochapira nawonso akhetsedwe madzi onse m'mapaipi ndi m'sefa.

Mkatimo musaike kanthu pansi penipeni. Yalani mapaleti kapena matabwa kuti katundu akwere masentimita 10 mpaka 15, ndipo pakati pa katundu ndi khoma pakhale mpata wa masentimita 10 woti mpweya uzidutsa. Kontena imakhala ndi timabowo tolowetsa mpweya m'mwamba mwa makoma ake, musatitseke ndi makatoni. Cholakwika chimene timachiona kawirikawiri n'chokulunga sofa yachikopa kapena tebulo lathabwa ndi pepala la pulasitiki mothinitsa, poganiza kuti ndiye kuteteza. Pulasitiki imatsekera chinyezi pa chikopa pomwepo. Fundikani ndi nsalu yathonje kapena bulangete lakale, zimene zimaletsa fumbi koma mpweya n'kumadutsa. Matiresi agonekedwe chafulati pamwamba pa katundu wina wosalala, osasanjikapo kanthu, pakuti akaimikidwa chammbali kwa miyezi yambiri amapindika.

Ikaninso timabigiri toyamwa chinyezi, tija timakhala ndi mchere wa calcium chloride. Timadzaza madzi, choncho timafunika kukhuthula ndi kusintha mcherewo, ndipo ichi n'chifukwa chokwanira chopitako kamodzi pamwezi kukatsegula chitseko kuti mupite mphepo. Kachipangizo koyezera chinyezi n'kotsika mtengo. Kakamaonetsa pamwamba pa 60 peresenti nthawi zonse, chitanipo kanthu. Kunena zoona, zachikopa, zoimbira zathabwa, zithunzi ndi zipangizo zamagetsi siziyenera kontena. Zimafuna chipinda cha m'nyumba yomangidwa mmene kutentha ndi chinyezi zimayang'aniridwa ndi makina. N'chodulirapo, koma ngati katunduyo ndi wosayenera lendi yoteroyo, mwina ndi wosayeneranso kusungitsa.

Pa zimene zaonongekazo: tulutsani panja, valani chotchinga pakamwa ndi mphuno komanso magolovesi. Sofa muyambe mwaisasa ndi burashi yofewa, kenako muipukute ndi kansalu konyowetsa m'madzi osakaniza ndi sipiriti mofanana muyeso, mutayesa kaye pamalo obisika kuti muone ngati mtundu sukusuluka. Iumire pamthunzi, chifukwa dzuwa lamphamvu limang'alula chikopa. Firiji itsukeni ndi madzi ofunda ndi soda, makamaka m'mipata ya labala wa chitseko. Mukasankha bulitchi musamusakanize ndi viniga kapena mankhwala ena otsukira, pakuti amatulutsa mpweya wapoizoni. Matiresi amene nkhungu yalowa mpaka mkati atayeni. Simungaichotse yonse, ndipo kugonapo n'kudziputira chifuwa.

FUNSO: Pali zinthu zoletsedwa kusungitsa? (Wophunzira wa ku koleji)

YANKHO: Zilipo achimwene, ndipo zimalembedwa mu mgwirizano. Petulo, parafini, masilinda a gasi, penti, asidi ndi chilichonse chosachedwa kuyaka sizilowa. Jenereta kapena makina otchetchera kapinga akhuthulidwe mafuta. Chakudya cha mtundu uliwonse, ngakhale chouma, chimaitana makoswe ndi mphemvu, ndipo zikalowa sizidya zanu zokha. Chotsani mabatire m'marimoti, m'matochi ndi m'zidole chifukwa amatuluka madzi owononga zitsulo za mkati. Mabatire akuluakulu a lithium makampani ambiri amawakana poopa moto. Pasipoti, masatifiketi a sukulu, zikalata za nyumba, ndalama ndi zodzikongoletsera zamtengo wapatali zikhale ndi inu.

FUNSO: Kampani ikuti ili ndi alonda ndi makamera. Nanga inshuwalansi ndi yachiyani? Komanso nditalephera kulipira mwezi umodzi chingachitike n'chiyani? (Bambo wabizinesi yaing'ono)

YANKHO: Bambo, kampani imakubwerekani malo chabe. M'migwirizano yambiri muli mawu akuti katundu akabedwa, akapsa kapena akanyowa, udindo ndi wa mwini wake. Ndiye ntchito ya inshuwalansi. Funsani ngati imene muli nayo ya katundu wa m'nyumba imateteza zinthu zosungidwa kwina, ndipo werengani zimene sizilipiridwa, chifukwa nkhungu, makoswe ndi madzi osefukira kawirikawiri sizikhalamo. Lembani mndandanda wa katundu, mumujambule pa foni ndipo musunge marisiti, pakuti popanda umboni kulipidwa kumavuta. Loko gulani wozungulira ngati mbale, amene kachitsulo kake kotsekera kamaonekera pang'ono chabe moti chodulira zitsulo chimasowa pogwira.

Za kuchedwa kulipira musazitenge mopepuka. Choyamba ndi chindapusa, kenako kampani imawonjezera loko wake pa chitseko kuti musalowe, ndipo m'mayiko ambiri lamulo kapena mgwirizano umailola kugulitsa katunduyo ikakuchenjezani, kuti ibweze ngongole. Masiku ake amasiyana, choncho muwapeze mu mgwirizano musanasaine, ndipo mukasintha nambala ya foni muwadziwitse, chifukwa ena amaluza katundu chenjezo litapita ku nambala yakale. Mukaona kuti mwezi uno zivuta, lankhulani nawo tsiku lolipira lisanafike.

Funsaninso ngati mtengo umene akutchulawo ndi wokopera wa miyezi yoyamba yokha, lendi imakwera kangati pachaka, ndiponso muyenera kuwauza kudakali masiku angati mukafuna kuchoka. Tsiku lotuluka sesani chipindacho, muchijambule chilibe kanthu, muchotse loko wanu ndipo mulandire chikalata chosonyeza kuti mwatuluka. Makampani ena akaona loko akadali pachitseko amawerenga kuti chipindacho chikadali chanu, n'kukulipiritsani mwezi wina.