Funsani Aphungu: Tamaliza Digiri, Kodi N'kulakwa Kukaona Zanzibar?

FUNSO: Aphungu, ndine mtsikana wa zaka 23 ndipo ndangolandira kumene digiri yanga. Ine ndi anzanga atatu amene tinkagona chipinda chimodzi kusukulu tinapangana kuti tikamaliza maphunziro tidzapite ku Zanzibar kwa masabata awiri, aliyense atabereka chikwama chake kumsana, tikukwera mabasi ndi sitima komanso kugona m'malo otchipa. Takhala tikusunga ndalama kuchokera ku timabizinesi tathu ta kaunjika ndi kuluka tsitsi. Bambo anga akuti kumeneku n'kumwaza ndalama pamene ntchito sindinaipeze, ndipo mmodzi mwa anzangawo ndalama zake sizinakwane, moti akuganiza zokatenga katapila. Palibe mwa ife amene anatulukapo m'dziko muno. Kodi tipite, nanga tikonzekere bwanji? Womaliza maphunziro, Zomba.

YANKHO: Mwana wanga, ndikuyamikireni nonse anayi chifukwa chofika pamene mwafikapa, ndipo yankho langa ndi lakuti pitani, malinga ngati ulendowo ukulipiridwa ndi ndalama zimene zili kale m'manja mwanu. Nthawi imene muli nayo tsopanoyi, yomwe simunamangike ndi ntchito kapena banja, sidzabweranso mosavuta, ndipo munthu amene anadutsapo pachipata cha dziko, n'kudzipezera yekha pogona pakati pa anthu olankhula chinenero china, amabwerako ali ndi mtima wolimba umene digiri payokha sipereka.

Koma mawu a bambo anu musawatenge ngati nkhanza. Iwo ndi amene anaona fizi ikudya chimanga cha m'nkhokwe, akudziwa achinyamata ambiri amene akhala zaka akuyenda ndi ma envulopu a makalata ofunsira ntchito, ndipo ngati munaphunzira ndi ngongole ya Higher Education Students' Loans and Grants Board, akudziwanso kuti ngongoleyo ikukudikirani. Musawauze nkhaniyi mongodutsa kapena pafoni. Khalani nawo pansi pamodzi ndi mayi, kapena pemphani azakhali kapena amalume amene bambo amawamvera kuti akhalepo, ndipo muwaonetse pepala lolembedwa bwino: tsiku lonyamuka, mizinda imene mudzagone, ndalama zimene mwasunga, ndi ndalama zimene mudzasiye kunyumba zoti mudzayendere pofuna ntchito mukabwerako. Gawo lomalizali ndi limene lingafewetse mtima wawo kuposa china chilichonse. Ngati simungathe kusiya kanthu, ndiye kuti bambo akunena zoona, ndipo ulendowo uyenera kufupikitsidwa.

Nkhani ya mnzanu uja ndi imene yandikhudza kwambiri. Katapila ayi, ngakhale pang'ono. Chiwongoladzanja chake chimakula mwezi ndi mwezi, ndipo mtsikana amene alibe malipiro adzakhala akubisala kwa mwini ndalama pa chisangalalo cha masabata awiri okha. Ngati mumamukondadi, pali njira zitatu zachilungamo: kuchedwetsa ulendo miyezi ingapo kuti naye akwanitse, kuchepetsa masiku, kapena atatunu kumuthandiza poyera, mutagwirizana ngati ndi mphatso kapena ngongole ndiponso tsiku lobweza. Chimene chimapha ubwenzi pa maulendo oterewa si kusowa kwa ndalama kwenikweni, koma kusalankhulana za ndalamazo. Wina akufuna nsomba ya kulesitilanti ya m'mbali mwa nyanja, wina akuwerengera m'mtima kuti akadya pamenepo mawa agona ndi njala, koma akuchita manyazi kunena, ndipo pofika tsiku lachisanu anthu amene anagawana sopo zaka zinayi sakuyankhulana. Choncho musananyamuke pangani thumba limodzi la zoyendera, pogona ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku, aliyense aikemo mofanana, musankhe msungichuma mmodzi wolemba chilichonse m'kabuku, ndipo madzulo aliwonse aziwerenga zotsala onse akumva. Zogula za munthu payekha, monga nsalu ndi mphatso za kunyumba, zizichokera m'thumba lake. Aliyense asungenso payekha ndalama yokwanira kubwerera kunyumba, yosakhudzidwa ngakhale zitavuta bwanji, ndipo ndalama za gulu musaziike m'chikwama chimodzi.

Za makalata, Mmalawi safunika visa kuti akacheze ku Tanzania kwa masiku ochepa chonchi, koma pasipoti ndiyofunika, ndipo ikhale yoti yatsala ndi miyezi yosachepera 6 kuti ithe. Amene alibe ayambe lero kukafunsira ku Immigration, chifukwa mukukumbukira kuti kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata angapo, anthu ambiri maulendo awo n'kulephereka. Musalipire pogona kapena tikiti iliyonse mapasipoti onse anayi asanatuluke. Dziwaninso kuti ngakhale Zanzibar inalumikizana ndi Tanganyika mu 1964 n'kupanga dziko limodzi, ili ndi boma lakelake pa nkhani zambiri, moti mukatsika padoko adzakufunsaninso pasipoti. Kuyambira October 2024 boma la kumeneko linalamula kuti alendo ochokera kunja azigula inshulansi ya Zanzibar Insurance Corporation, yomwe mtengo wake unaikidwa pa madola 44 munthu mmodzi. Pitani ku ofesi ya kazembe wa Tanzania ku Lilongwe mukafunse mmene lamuloli likukhudzira Amalawi pa nthawi imene mukunyamuka, kuti ndalamayi isadzakudzidzimutseni padoko.

Ndalama zakunja ndi mutu wina. Chichokereni pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, kupeza madola kubanki si chinthu cha tsiku limodzi, choncho yambani msanga, ndipo sungani lisiti ya kubanki kapena ya kumalo ovomerezeka osinthira ndalama chifukwa pachipata angakufunseni kumene mwazitenga. Kwacha ikapitirira malire ilibe mphamvu, ndipo ku Dar es Salaam mudzavutika kupeza woilandira. Pa Songwe mudzazunguliridwa ndi anyamata ogwira mitolo ya mashilingi, owerenga mwaliwiro kwambiri moti maso sangatsatire zala zawo. Musalole kupupulumitsidwa, ndipo musapereke ndalama zanu musanawerenge nokha zimene mwalandira.

Njira imene ndingakulangizeni ndi ya kumpoto. Mudzera Lilongwe, Mzuzu, kutsika mapiri a Chiweta nyanja ikuoneka kumunsi, mpaka Karonga, kenako chipata cha Songwe, chomwe tsidya linalo amachitcha Kasumulu. Yesetsani kuoloka kukali masana, ndipo kumbukirani kuti nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi, chinthu chimene chasiyitsa anthu ambiri basi. Matumba apulasitiki onyamulira katundu analetsedwa m'dzikomo kuyambira June 2019, choncho asiyeni kumudzi. Kuchoka pachipata mukwera minibasi mpaka Mbeya, kumene mungasankhe basi kapena sitima ya TAZARA. Basi ndi yodalirika pa nthawi, koma ine ndikanakhala inu ndikanakwera sitima ulendo wopita. Njanji imeneyi, yotalika makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam mpaka Kapiri Mposhi ku Zambia, inamangidwa ndi thandizo la China pakati pa 1970 ndi 1975, ndipo imadutsa m'mapanga a m'mapiri, pamilatho yaitali, ndi m'nkhalango ya Nyerere National Park, kumene nthawi zina nyamalikiti ndi mbidzi zimaonekera pawindo. Chipinda cha kalasi yoyamba chili ndi mabedi anayi, ndiye inu anayi mungachitenge chonse n'kumatseka chitseko usiku. Vuto lake ndi kuchedwa, nthawi zina kwa maola ambiri, ndipo siyenda tsiku lililonse. Funsani masiku ake musanachoke kunyumba, nyamulani madzi ndi kamba wokwanira, ndipo musakonze zokwera boti tsiku lomwelo limene sitima ikuyembekezeka kufika.

Ku Dar es Salaam khalani tcheru, makamaka ku Kariakoo kumene amalonda athu amapikula katundu. Foni isamakhale m'manja pamsewu, ndipo musakwere galimoto ya munthu amene wangokukomerani mtima pasiteshoni, ngakhale atakulonjerani m'Chichewa. Tikiti ya boti mukagule pawindo la ofesi yeniyeni, osati kwa anyamata okuthamangirani pageti. Boti lothamanga limatenga pafupifupi maola awiri, ndipo alendo amalipira mtengo wokwera kuposa eni dziko.

Ndikudziwa kuti chimene chikukukokani ndi mchenga woyera wa ku Nungwi ndi Paje, ndipo mudzafikako motchipa pa daladala, omwe ndi maminibasi a kumeneko. Koma ndikupemphani kuti mupatule tsiku lathunthu la Stone Town, mzinda wakale umene UNESCO inauika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2000, ndipo mukafike ku Mkunazini. Pamenepo panali msika wa akapolo umene unatsekedwa mu 1873, ndipo ambiri mwa anthu amene ankagulitsidwa ku Zanzibar anali ochokera kuno kunyanja kwathu, ena ataolotsedwa pa Nkhotakota m'nthawi ya a Jumbe n'kuyendetsedwa wapansi mpaka ku Kilwa. Pamalopo pali tchalitchi cha Anglican cha Christ Church, chomangidwa ndi amishoni a UMCA, omwenso anadzamanga tchalitchi chachikulu cha pa Likoma. Mkati mwa Christ Church muli mtanda wopangidwa ndi mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia umene pansi pake anakwirira mtima wa David Livingstone. Panja pali ziboliboli za anthu ataima m'dzenje, atamangidwa unyolo m'khosi, ndipo pafupi pake pali tizipinda tapansi, tamdima, toti munthu wamkulu amalowamo chowerama. Mzungu amapita pamenepo ngati mlendo, koma inu mukakhala mukuona njira imene abale a makolo anu anadzera osabwereranso, ndipo ndikukhulupirira kuti bambo anu akadzamva zimenezi m'kamwa mwanu adzauona ulendowu mwa mtundu wina.

Anthu ambiri a ku Zanzibar ndi Asilamu, choncho mumzinda ndi m'midzi valani zophimba mapewa ndi mawondo. Chitenje chanu chidzakuthandizani kwambiri, ndipo zovala zosambira zithere kunyanja. Phunzirani malonje a Chiswahili, omwe kwa munthu wolankhula Chichewa savuta. Madzulo kadyeni ku Forodhani, bwalo la m'mbali mwa nyanja ku Stone Town kumene amagulitsa zakudya, koma funsani mtengo chakudya chisanaikidwe m'mbale. Pangananinso kuti palibe wochoka yekha usiku ndi munthu amene mwangodziwana naye, ndiponso kuti tsiku lililonse mmodzi azitumiza uthenga kunyumba wonena kumene mwagona. Malungo aliko kumenekonso, ndiye sankhani chipinda chokhala ndi neti.

Pa za nyengo, pewani miyezi ya March mpaka May, chifukwa ndi nthawi ya mvula yamphamvu kugombe la Tanzania. Kuyambira June mpaka October kumakhala kouma ndi kozizirirapo, ngakhale kuti mu July ndi August alendo amachuluka ndipo mitengo ya pogona imakwera. Onaninso kalendala kuti mudziwe pamene mwezi wa Ramadan ukugwera chaka chimenecho, popeza malo ambiri odyera a eni dziko amatseka masana, ndipo kudya kapena kumwa poyera pamsewu nthawi imeneyo kumaoneka ngati chipongwe.