Kodi Lord wa kutchalitchi ndi landilodi ndi pachibale?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akuchita lendi ku Chilinde, mumzinda wa Lilongwe. Akuti: "Lamulungu kukwaya timaimba nyimbo za Chingerezi zotchula Lord, kutanthauza Ambuye. Lolemba m'mamawa landilodi ali pakhomo kufuna ya lendi, moni n'komwe ayi. Ndiye mwana wanga wa Fomu 2 wandifunsa ngati lord wa mu landlord ali yemweyo wa m'nyimbo. Ndinamukalipira kuti asachite mwano, koma kunena zoona inenso sindikudziwa. Tandithandizani."

Mayi, mwanayo mumupepese, ali ndi khutu labwino. Ndi mawu amodzi omwewo. Ndipo pachiyambi penipeni sankanena za Mulungu, sankanenanso za nyumba ya lendi. Ankanena za buledi.

Zaka zoposa 1,000 zapitazo, Chingerezi cha ku England chinali chinenero china ndithu, moti Mngelezi wa lero mutamupatsa tsamba lake angoliyang'ana ngati Chijeremani. M'chinenerocho buledi ankamutcha hlaf. Mawu amenewa sanafe, ndi aja lero akuti loaf, lofu imene mumatuma mwana kukagula pa okala. Panalinso mawu akuti weard, kutanthauza mlonda kapena msungi. Kuphatikiza awiriwa kunatuluka hlafweard, msungi wa buledi. Kukanakhala kuno kwathu bwenzi tikuti mwini nkhokwe.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva kwa munthu amene anakulira kumudzi. Mkulu wa nthawi imeneyo ankakhala ndi chinyumba chachikulu chamatabwa, moto pakati, ndipo anthu ake onse, ankhondo ndi antchito omwe, ankadyera mmenemo. Iye ankawadyetsa, kuwapatsa zida ndi mphatso, iwo n'kumamulimira ndi kumumenyera nkhondo. Ukulu wake unkaoneka pa kuchuluka kwa pakamwa pamene akudyetsa. Mkazi wake naye anali ndi dzina lochokera ku buledi yemweyo: hlæfdige, wokanya ufa wa buledi. Ameneyo ndiye lady. Inde, mawu aulemu onse aja anayambira m'manja mwa mayi amene ali mbuu ndi ufa.

Panali wachitatu, amene ine amandisangalatsa kuposa onse, ngakhale mawu ake anatha. Wantchito wapakhomo ankatchedwa hlafæta, wodya buledi. Mawuwa akupezeka m'malamulo a mfumu Æthelberht ya ku Kent, olembedwa cha m'ma 600, omwe ndi malamulo akale kwambiri olembedwa m'Chingerezi. Limodzi mwa malamulowo limati munthu akapha wodya buledi wa munthu wamba alipire masheleni 6. Taonani banja lonse lili pa lofu imodzi: wosunga, wokanya, wodya.

Nanga hlafweard anafupika bwanji mpaka kukhala lord? Pakamwa pa anthu ndi paulesi, mayi. Ifenso "mwana wanga" timangoti "mwananga". Kalekale mawuwa anali atafupika kale kukhala hlaford. Kenako h wa kumayambiriro anasiya kumveka, anthu n'kumati laverd kapena loverd, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1300 v uja nayenso anayamba kumezedwa. Kummwera kwa England a wautali anasanduka o, n'chifukwa chake stan anakhala stone, ham anakhala home, hlaf anakhala loaf. Kumpoto sizinatero, ndipo ku Scotland mwini malo mpaka lero amamutcha laird. Mawu atafupika chonchi palibe amene ankamvanso buledi mkati mwake, ngati ndalama yachitsulo imene yayenda m'manja ambiri mpaka chithunzi chake kufufutika.

Tsopano za kutchalitchi. Chikhristu chitafika, Angelezi ankafuna mawu omasulira Dominus, Ambuye m'Chilatini. Amene ankakonda kwambiri, makamaka m'ndakatulo, sanali hlaford ayi, koma dryhten, mtsogoleri wa gulu la ankhondo. Cædmon, woweta ziweto wa ku Whitby amene nyimbo yake ya m'zaka za m'ma 600 ili m'gulu la ndakatulo zakale kwambiri za Chingerezi, anatchula Mulungu ndi mawu amenewo. Koma hlaford ankagwiritsidwanso ntchito, ndipo pang'ono ndi pang'ono anakankha mnzakeyo mpaka dryhten anazimiririka. Ine ndimaona kuti anapambana woyenera. Mu Pemphero la Ambuye la Chingerezi chakalecho, pamene ife timapempha chakudya chathu chalero, iwo ankapempha hlaf. Munthu wa nthawi imeneyo ankapempha buledi kwa msungi wa buledi, ndipo khutu lake likanatha kumva kugwirizanako. Woimba kwaya wa lero sangamve.

Mukatsegula Baibulo la King James la 1611 mupeza kuti m'Chipangano Chakale nthawi zambiri analemba LORD ndi zilembo zazikulu zokhazokha. Si kukongoletsa. Pamenepo m'Chihebri pali dzina lenileni la Mulungu. Omasulira athu anasankha njira ina: Buku Lopatulika limati Yehova, Buku Loyera limati Chauta. Ambuye ndi pamene Chingerezi chili ndi Lord wamba. Ndipo mawu athuwa nawonso sanabadwire m'tchalitchi, pakuti kumadera ena ambuye ndi agogo kapena atsibweni, munthu wamkulu woyang'anira mbumba.

Landilodi wanu akutulukira kwina. William wa ku Normandy, dera la ku France, atalanda England mu 1066, nthaka yonse inawerengedwa kuti ndi ya mfumu, ndipo iye anaigawa kwa akuluakulu ake. Alimi okhala pa nthakayo ankalipira ndi zokolola, ndalama, kapena masiku ogwira ntchito m'munda wa mwini malo. Mawuwa anali atayamba kale kutembenuka, koma apa ndi pamene zinaonekera poyera. Lord anasiya kukhala amene amakudyetsa, n'kukhala amene umamulipira. Makhothi ndi akuluakulu ankalankhula Chifalansa, ndipo maudindo ambiri anabwera kuchokera kumeneko, monga duke ndi baron, koma lord ndi lady anakana kuchoka.

Ubale woterewu agogo athu anaulawa. Ku mapiri a Shire, azungu atatenga minda ikuluikulu kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anthu okhala pa malowo ankagwira thangata m'malo mwa lendi. Nkhanza za thangata pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero zinali chimodzi mwa zimene zinautsa John Chilembwe mu January 1915. Mwini malo wotero palibe akanamutcha msungi wa buledi.

Zotsalazo ndingodutsamo. Nyumba yachiwiri ya malamulo ku London ndi House of Lords. Kukhothi lalikulu kuno kwathu maloya amaimirira n'kunena "My Lord" kapena "My Lady" kwa jaji, mwambo umene tinautengera komweko pamodzi ndi mawigi. Manyuzipepala nawo amakamba za warlord ndi drug lord, anthu amene ulemu alibe koma mphamvu zokha. Lady ndiye wayenda ulendo wodabwitsa kuposa mwamuna wake: anakwera mpaka kukhala dzina la Maria Virigo, Our Lady, kenako n'kutsika mpaka kufika pa chitseko cha chimbudzi cha pa depoti.

Mwana wanuyo mumuuzenso kuti theka lachiwiri lija, weard, likadali moyo palokha. Ndilo ward, wodi ya kuchipatala kumene odwala amasungidwa, ndiponso wodi ya khansala. Lili mu steward, woyang'anira nyumba kapena katundu wa bwana. Lili ngakhale m'dzina loti Edward, limene limatanthauza msungi wa chuma. Ngati m'kalasi mwake muli Edward, akamuuze kuti theka la dzina lake ndi la landilodi.

Koma zoti akamufunse landilodi wa ku Chilindeyo kuti lofu yathu ili kuti, adikire kaye mulipire ya mwezi uno.