Sikelo ikalemba 7.05, si 7 ndi theka

Funso la sabata ino lachokera ku Santhe, m'boma la Kasungu:

"Zikomo aphungu. Ine ndi anzanga awiri tinasonkherana mpamba, timagula soya ndi mtedza kwa alimi n'kukagulitsa pa boma. Chaka chino tagula sikelo ya manambala, ija yoyaka ngati foni. Ikalemba 7.5, 7.25 kapena 7.05 mutu umandizungulira. Mlimi akati 'imeneyo ndi seveni ndi hafu', ndimangovomera chifukwa cha manyazi, poti sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Chinanso, tikamagawana phindu atatufe pamatsala ndalama yosadziwika mwini wake. Ndithandizeni."

Mayi, manyaziwo achotseni. Safunsa anadya phula. Ndakumanapo ndi anthu ofika Fomu 4 okakamira kuti 7.25 ndi wamkulu kuposa 7.5, ati chifukwa 25 amaposa 5. Inu mwafunsa mpamba usanathe, ndiye mwachita bwino.

Kadontho kali pakati pa manambalako ndi malire. Kumanzere kwake kuli makilo athunthu, kumanja kuli zidutswa za kilo. Kilo imodzi ndi magalamu 1,000. Tsono chitani ichi nthawi zonse: kumanja kwa kadontho kukhale manambala atatu, ndipo akaperewera onjezerani ziro kumapeto. Manambala atatuwo ndiwo magalamu. 7.5 asanduka 7.500, kutanthauza makilo 7 ndi magalamu 500, ndiye theka lenilenilo. 7.25 asanduka 7.250, magalamu 250, imene ndi kota ya kilo. 7.75 ndi magalamu 750, makota atatu. Koma 7.05 asanduka 7.050, magalamu 50 okha, soya wongodzaza dzanja.

Ziro wa kumapeto sasintha kanthu, 7.5 ndi 7.50 ndi chimodzimodzi. Ziro woyandikana ndi kadontho ndiye woopsa, ndipo ndi amene akukudyerani ndalama.

Tiyerekeze kuti mukugula kilo pa K1,200. Makilo 7.5 mulipira K9,000. Makilo 7.25 mulipira K8,700. Makilo 7.05 mulipira K8,460. Mukavomera kuti 7.05 ndi "seveni ndi hafu", mwapereka K540 ya soya amene simunalandire. Zikachitika kakhumi pa tsiku la msika, K5,400 yapita, ndipo madzulo mudzayamba kukayikirana ndi anzanuwo pomwe palibe wakuba pakati panu. Zimenezi zimandiwawa kwambiri, chifukwa magulu ambiri a amayi amapasuka pa nkhani ya ndalama yosowa, chikhalirecho inatayikira pa sikelo. Mbali inayo ndi yoona: sikelo ikalemba 7.5 inu n'kulipira ngati kota, mwamubera mlimi K300, ndipo akakawerengetsa kwa mwana wake kunyumba sadzabweranso pa sikelo yanu. Muzitembenuza sikelo kuti nonse awiri muziona manambala, ndipo muziwerenga mokweza kuti "makilo 7, magalamu 50".

Masamu amenewa si achilendo kwa inu ayi. Kwacha imodzi ndi matambala 100, ndipo aliyense amene anagwirapo 50 tambala amadziwa kuti ndi theka la kwacha, K0.50, pomwe 5 tambala ndi K0.05. Dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito kwacha ndi tambala mu 1971, kusiya mapaundi ndi masheleni, ndipo agogo athu, ambiri osapita kusukulu, anazolowera. Matambala atasiya kugula kanthu tinaiwala kuwerenga za kumanja kwa kadontho. Alimi a fodya okha ndiwo sanaiwale, poti ku msika wa fodya wa Chinkhoma mtengo umalembedwa m'madola ndi masenti. Funsani aliyense amene anagulitsako belo ngati $2.05 ndi $2.50 ndi mtengo umodzi, muone mmene akuyang'anireni.

Kusukulu theka, kota ndi zinzake amazitcha mafulakishoni, zolembedwa nambala pamwamba ndi ina pansi, monga 1/2 kapena 3/4. Za kadonthozi amazitcha madesimo. Ndi chinthu chimodzi chovala malaya awiri. Pakamwa timalankhula mafulakishoni, koma sikelo ndi calculator ya pafoni zimamva madesimo okha. Kamzere ka pakati pa fulakishoni kamatanthauza kugawa, choncho kuti musinthe, gawani nambala ya pamwamba ndi ya pansi. Dinani 3 ÷ 4, foni ikupatsani 0.75. Dinani 1 ÷ 5, ikupatsani 0.2. Mlimi akabwera ndi makilo 12 ndi makota atatu, mulemba 12.75 n'kuchulukitsa ndi mtengo wa kilo.

Kubwerera m'mbuyo n'kosavutanso. Nambala imodzi kumanja kwa kadontho ndi magawo a 10, manambala awiri ndi magawo a 100. 0.4 ndi 4/10, 0.25 ndi 25/100, ndipo poti 25 amalowa kanayi mu 100, imeneyo ndi 1/4. Pa geni yanu simufunika zambiri. Lembani izi pachikuto cha kope lanu: 0.5 theka, 0.25 kota, 0.75 makota atatu, 0.1 magalamu 100, 0.05 magalamu 50. Pakatha masiku awiri a msika mudzakhala mutaziloweza.

Tsopano za ndalama yotsala ija. Gawo limodzi mwa magawo atatu, 1/3, silikwana bwino m'madesimo. Dinani 1 ÷ 3 muone: 0.3333, ma 3 osatha mpaka foni itadzaza. Ndikuganiza kuti wina mwa inu amadula n'kulemba 0.33. Pa phindu la K100,000, kuchulukitsa ndi 0.33 kumapatsa aliyense K33,000, atatu pamodzi K99,000, ndipo K1,000 imatsala yopanda mwini. Musamachulukitse ndi 0.33, gawani phindu lonselo ndi 3. Foni ilemba 33,333.33, aliyense atenge K33,300 yogawika bwino ndi ndalama zapepala, ndipo K100 yotsalayo mugwirizane kuti izibwerera ku mpamba, yolembedwa m'kope pamaso pa nonse.

Koma kugawa ndi 3 n'koyenera pokhapokha ngati munasonkha mofanana. Ngati mmodzi anaika K200,000 pa mpamba wa K400,000, ndipo awiri enawo K100,000 aliyense, woyambayo gawo lake ndi 200 ÷ 400, amene ndi 0.5, enawo 0.25 aliyense. Pa phindu lomwe lija ndiye K50,000, K25,000 ndi K25,000. Mukawonkhetsa magawo a anthu onse azikwana 1 ndendende. Akapanda kukwana, penapake palakwika, musagawane kaye.

Mawa musanayambe kugula, yatsani sikelo muone kuti ikuyambira pa 0.00, kenaka ikanipo paketi ya shuga ya kilo imodzi yosatsegula. Ikalemba motalikirana ndi 1.00, vuto lili pa sikeloyo osati pa masamu anu, ndipo a Malawi Bureau of Standards ndi amene ali ndi udindo woyeza masikelo a malonda. Musaiwalenso kuyeza thumba lopanda kanthu n'kuchotsera kulemera kwake, kuti musamagule saka pa mtengo wa soya.