Kodi wufa ingalowe pa wailesi yobwera ndi galimoto?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Zomba. Ali ndi Toyota Sienta ya ku Japan, ndipo akuti nyimbo zimamveka zopyapyala, besi palibiretu. Mmisiri wina anawauza kuti wufa, sipika ija yotulutsa besi, singalowe pokhapokha agule wailesi ina. Iwo sakufuna, poti kamera ya kumbuyo imaonekera pa wailesi yomweyo. Ndiye akufunsa kuti, kodi mmisiriyu akunena zoona?

Achimwene, wailesiyo isiyeni pomwe ili. Mmisiri wanuyo waona kuti kuseri kwake kulibe RCA, timapulagi tija tofiira ndi toyera, basi n'kugwa mphwayi. Koma ma powered subwoofer ambiri, mawufa awa okhala ndi ampu (chokuzira mphamvu ya mawu) mkati mwake, ali ndi polowetsa pena potchedwa high-level input. Mawu mumawatapa pa mawaya a masipika a kumbuyo, kumanzere ndi kumanja, positive ku positive, negative ku negative. Mukasemphanitsa mbali imodzi, besi imadyana yokhayokha mpaka mumayesa kuti akugulitsani yakufa. Ngati wufa yanu ilibe polowetsa pamenepa, pali kabokosi kotchedwa line output converter kamene kamasandutsa mawaya a sipika kukhala RCA.

Pogula musatengeke ndi manambala akuluakulu a pa katoni, funsani RMS, mphamvu yeniyeni imene wufa imatha kutulutsa mosalekeza. Kenwood KSC-SW11, yaphwatalala ija yolowa pansi pa mpando, amailemba 150W koma RMS yake ndi 75W. Imeneyo imadzaza nyimbo bwinobwino m'galimoto, kungoti pa depoti palibe amene atembenuke. Ofuna kugwedeza mawindo a eni ake agule ya mainchesi 12 ya m'buti. Pa Sienta ikani pansi pa mpando wa kutsogolo, chifukwa mipando ya kumapeto ija ikapindidwa imalowa pansi pa ya pakati.

Tsopano pamene pagona nkhani ndi pa magetsi. Waya wa moto achoke pa batire penipeni, osati kulumikiza pa choyatsira fodya. Fyuzi ikhale pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 45. Ena amati, "Wufayo ili ndi fyuzi yake kale." Inde, koma imeneyo imateteza wufa, osati waya wautali uja wadutsa pansi pa kapeti. Ine ndinaphunzira ndi mphuno. Pa galimoto yanga yoyamba, mnyamata wina anadutsitsa waya pa chiboo chopanda labala, chitsulo chinkamudya pang'onopang'ono m'mabampu, ndipo tsiku lina ndili pa roboti ndinangomva fungo la pulasitiki wopsa, utsi uli tolotolo kumapazi. Choncho waya adutse pa labala pochoka ku injini kulowa mkati.

Wayayo akhale wonenepa saizi ya 8 gauge, wa kopa weniweni. Tengani mpeni mupale kumapeto kwake muli m'sitolo momwemo: akayera mkati, ameneyo ndi aluminiyamu wongokutidwa kopa, amatentha msanga. Wa earth akhale wamfupi, womangidwa pa bawuti ya chitsulo cha galimoto mutapala penti mpaka pawale. Ndipo waya wa moto adutse mbali ina, wa mawu mbali ina, apo ayi muzimva kamluzu kokwera limodzi ndi injini.

Pali kawaya kabuluu ka remote kamene kamadzutsa wufa. Kalumikizeni pa ACC, waya amene amakhala ndi moto pokhapokha mwatembenuza kiyi, kuti mukachotsa kiyi nayo izime. Wufa zina zimadzuka zokha zikamva nyimbo. Kawayako mukakapatsa moto wosazima, m'mawa mudzadzutsa aneba kuti akukankheni.

Chenjezo limodzi musanamasule negative ya batire, chomwe muyenera kuchita musanagwire waya aliyense: mawailesi ena a Toyota a ku Japan akasowa moto amadzitsekera n'kufuna password, ena amafuna SD card ya mapu. Onani kaye ngati khadiyo ilimo, ndipo dziwiranitu wodziwa kutsegula ndi nambala ya ERC, imene wailesiyo imaonetsa kuti apezere nambala yotsegulira.

Potchuna, gain si voliyumu, ndi kopotokola ka pa wufa kogwirizanitsa mphamvu yake ndi ya wailesi. Itsitseni pansi, kwezani wailesi kufika pomwe masipika asanayambe kusasa mawu, kenako muzikweza gain pang'onopang'ono mpaka besi igwirizane ndi nyimbo. Low-pass, imene imalola mawu a besi okha kulowa mu wufa, muiyike cha pa 80 Hz. Mukamamva mawu a woyimba akutuluka pansi pa mpando, ndiye kuti mwaikweza kwambiri. Kabatani ka phase kali ndi 0 ndi 180. Khalani pa chiwongolero, wina azikasintha, ndipo pomwe besi yamveka yonenepa mukasiye pomwepo.